Kuyendetsa nkhokwe ya deta ya zaumoyo kudzera mu khodi: zoyenera kuyalidwa ntchito isanayambe

Mlangizi wa zaumoyo akayeza mkono wa mwana kusikelo n'kulemba 11.2 m'kaundula, nambalayo imayamba ulendo wautali. Imachoka m'kaundula kupita pa fomu ya lipoti kapena pa tabuleti, imadutsa pa netiweki, mpaka imakafika pa kompyuta imene mlangiziyo mwina sadzaiona n'komwe. Pa kompyuta imeneyo ndi pamene ofufuza ndi akuluakulu a zaumoyo amawerengera ana onyentchera m'dera, ndipo kuwerengako ndi kumene kumathandiza kudziwa makatoni a chiponde oyenera kutumizidwa. Nambala ikasowa kapena ikasintha ili kumeneko, ntchito imene inagwiridwa bwino kumudzi imakhala yapita pachabe, ndipo palibe amene amadziwa msanga.

Nkhaniyi ikufotokoza mmene gulu la kafukufuku kapena ofesi ya zaumoyo ingakhazikitsire pulojekiti yoyendetsera kompyuta yotereyi kudzera m'malangizo olembedwa. Mfundo yake ndi imodzi: chilichonse chosintha nkhokwe ya deta chiyambe chalembedwa, chionedwe ndi munthu wachiwiri, chiyesedwe pamalo ena, kenako chifike pa deta yeniyeni ya odwala.

Seva, database ndi khodi

Seva ndi kompyuta imene ntchito yake ndi kutumikira makompyuta ena. Imakhala yoyaka usana ndi usiku, kudikira matabuleti, mafoni ndi malaputopu kuti atumize kapena kufunsa uthenga. Database ndi nkhokwe ya uthengawo. M'kati mwake muli matebulo ofanana ndi masamba a kaundula: mzere uliwonse ndi munthu mmodzi kapena ulendo umodzi wa kuchipatala, ndipo danga lililonse limasunga chinthu chimodzi, monga zaka, kulemera kapena tsiku lolandira katemera.

Mapulogalamu oyang'anira nkhokwezi amene amapezeka kwambiri pa ntchito zaumoyo ndi awiri. PostgreSQL inayambira pa ntchito ya Michael Stonebraker ku yunivesite ya California ku Berkeley mu 1986, ndipo MySQL inatuluka mu 1995. DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo ku Malawi umagwiritsa ntchito polandira malipoti a zipatala, imatsogoleredwa ndi yunivesite ya Oslo ndipo imasunga deta yake mu PostgreSQL. REDCap, imene inapangidwa ku yunivesite ya Vanderbilt mu 2004 ndipo ofufuza ambiri amalembera mafunso awo mmenemo, imadalira MySQL kapena MariaDB. OpenMRS, yosungira mbiri ya odwala, kawirikawiri imayenda ndi MySQL. Onsewa amamva chiyankhulo chimodzi chotchedwa SQL, chimene chinayambira ku kampani ya IBM m'zaka za m'ma 1970.

Khodi ndi malangizo olembedwa m'fayilo amene kompyuta imawatsata ndendende, mzere ndi mzere. Ikhoza kulembedwa mu SQL, mu Python, mu R kapena m'chiyankhulo china.

Vuto la kusintha ndi manja

Pali njira ziwiri zosinthira nkhokwe ya deta. Yoyamba, woyang'anira deta amatsekula pulogalamu ngati pgAdmin kapena phpMyAdmin, n'kudina apa ndi apo: kuwonjezera danga, kukonza zaka za wodwala, kufufuta mizere yobwerezedwa. Njirayi ndi yachangu, koma siisiya mbiri yomveka. Pakatha miyezi 6, wofufuza wamkulu akafunsa chifukwa chimene chiwerengero cha amayi oyembekezera chatsikira, yankho limakhala m'mutu mwa munthu mmodzi, amene mwina anapeza ntchito kwina kapena anapita kusukulu.

Njira yachiwiri, kusinthako kumalembedwa m'fayilo, fayiloyo imasungidwa, ndipo kompyuta ndi imene imachita zimene zalembedwazo. Ogwira ntchito zachipatala amaidziwa kale njira imeneyi. M'chipinda chosungira mankhwala, LA satuluka popanda kulembedwa pa khadi: tsiku, kuchuluka kwake, kumene akupita ndi dzina la wotulutsa. Munthu wina akabwera kudzalowa m'malo, amawerenga khadi n'kudziwa zonse. Pulojekiti ya khodi ndi khadi lotere la nkhokwe ya deta, kungoti ili ndi ubwino wina: malangizo omwewo akhoza kumanganso nkhokwe yonse pa seva yatsopano, yakale ikawonongeka.

Kuyala maziko

Pulojekiti imayamba ndi foda imodzi yokhala ndi zigawo zodziwika. Chigawo china ndi cha mafayilo osintha kamangidwe ka matebulo. China ndi cha timapulogalamu ta ntchito za tsiku ndi tsiku, monga kulowetsa deta yochokera m'matabuleti ndi kutulutsa malipoti. China ndi cha mayeso. Pamwamba pa zonse pamakhala fayilo yotchedwa README, yofotokoza m'mawu wamba chimene pulojekitiyo imachita ndi mmene munthu watsopano angaiyambitsire. Muyeso wa README yabwino ndi wosavuta: munthu amene wayamba ntchito lero athe kuitsatira popanda kuimbira foni amene anailemba.

Fodayo imaikidwa m'manja mwa Git, pulogalamu imene Linus Torvalds analemba mu 2005. Git imasunga mbiri ya fayilo iliyonse: amene anasintha, tsiku, mizere imene inasintha ndi chifukwa chake. Munthu amagwira ntchito pa nthambi yake, ndipo akamaliza, mnzake amawerenga zimene walembazo zisanaphatikizidwe ku thunthu. Mutu umodzi susenza denga. Cholakwika chimene wolemba sachiona chifukwa wayang'ana fayiloyo tsiku lonse, mnzake amachigwira m'mphindi zochepa.

Chinthu china cholembedwa pa tsiku loyamba ndi mtundu weniweni wa pulogalamu iliyonse. Sikokwanira kulemba kuti PostgreSQL. Palembedwe PostgreSQL 16 kapena nambala ina imene gulu lasankha. PostgreSQL imatulutsa mtundu watsopano chaka chilichonse, ndipo uliwonse umakonzedwa kwa zaka 5 zokha, choncho kafukufuku wotsatira ana kwa zaka 10 ayenera kudziwiratu kuti adzasamuka panjira. Mu Python, mayina ndi manambala a zida zothandizira, monga psycopg yolumikizira ku PostgreSQL, amalembedwa m'fayilo ya requirements.txt kapena pyproject.toml. Magulu ambiri amagwiritsanso ntchito Docker, imene imakulunga database pamodzi ndi zonse zoifunikira kuti iyende mofanana pa laputopu iliyonse, ndi Ansible, imene imakonza seva yatsopano potsata fayilo yolembedwa kale.

Nkhokwe zitatu

Wophunzira unamwino sayambira kubaya jekeseni pa khanda. Amayamba wayesera pa chidole. Chimodzimodzi, pulojekiti yabwino imakhala ndi nkhokwe zitatu. Yoyamba ili pa laputopu ya wolemba khodi, ndipo akhoza kuiphwanya n'kuimanganso kangapo pa tsiku. Yachiwiri ndi yoyeserera, yomangidwa mofanana ndi yeniyeni. Yachitatu ndi yeniyeniyo, imene muli deta ya anthu.

M'nkhokwe ziwiri zoyambazo musamakhale dzina la wodwala weniweni. Khodi ikhoza kupanga odwala ongopeka mazanamazana, okhala ndi zaka, midzi ndi zotsatira zabodza. Laputopu imabedwa m'minibasi kapena kuiwalika pa malo a msonkhano; ikapita ndi odwala ongopeka, chotayika ndi laputopu yokha.

Ngozi yaikulu pano ndi kusokoneza nkhokwe, munthu kuganiza kuti ali pa yoyeserera pamene ali pa yeniyeni. N'chifukwa chake maina ake azisiyana moonekeratu, mtundu wa pa sikirini uzisiyana, ndipo khodi isanafufute chilichonse pa nkhokwe yeniyeni izifunsa kuti munthu alembe dzina lonse la nkhokweyo.

Makiyi ndi zilolezo

Kuti khodi ilankhule ndi seva imafuna zinthu zisanu: adiresi ya seva, nambala ya khomo, dzina la database, dzina la wolowa ndi mawu achinsinsi. Khomo la PostgreSQL nthawi zambiri ndi 5432, la MySQL ndi 3306. Olemba ongoyamba kumene amakonda kulemba zonsezi m'kati mwa khodi. Vuto ndi lakuti Git siiwala. Mawu achinsinsi akangolowa m'mbiri yake, amatsalabe mmenemo ngakhale atafufutidwa m'fayilo tsiku lotsatira, ndipo aliyense amene wakopera pulojekitiyo angawapeze. Zikatere palibe kuchitira mwina, ayenera kusinthidwa.

Njira yoyenera ndi kuwasunga m'fayilo yapadera, imene ambiri amaitcha .env, n'kulemba dzina lake mu .gitignore, fayilo youza Git zinthu zimene isamasunge. Mafayilo a deta ya odwala nawo alembedwe mmenemo. Mu Git mumalowa malangizo okha, deta ayi.

Zilolezo zimagawidwa monga mmene makiyi amagawidwira pachipatala: wa ku labotale sakhala ndi kiyi wa kabati ya morphine. Mu SQL, mawu akuti GRANT amapereka chilolezo ndipo REVOKE amachilanda. Pulogalamu yolandira deta kuchokera m'matabuleti ipatsidwe mphamvu yowonjezera mizere, osati yofufuta matebulo. Wosanthula manambala apatsidwe mphamvu yowerenga basi, ndipo aziona tebulo lopanda maina ndi manambala a foni. Akaunti yaikulu yokhoza kuchita chilichonse isamagwiritsidwe ntchito tsiku ndi tsiku. Munthu aliyense akhale ndi dzina lakelake lolowera, chifukwa anthu 5 akamalowa ndi dzina limodzi, mbiri ya zimene zachitika singasonyeze amene anachita. Zilolezozi zikalembedwa m'fayilo, komiti iliyonse yoyendera ikhoza kuwerenga tsamba limodzi n'kudziwa amene angaone chiyani.

Khomo la database lisatsekulidwe ku intaneti yonse. Makompyuta a anthu akuba amazungulira usiku ndi usana kugogoda pa 5432 ndi 3306. Seva izilola makompyuta odziwika okha, ndipo uthenga wodutsa pa netiweki uzikhala wobisika.

Kusintha matebulo ndi mafayilo a manambala

Mafomu a zaumoyo sakhalitsa osasintha. Pa 23 Epulo 2019 Malawi linakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana pa ndondomeko yoyeserera, limodzi ndi Ghana ndi Kenya amene anatsatira. Mu 2023 kunabwera katemera wa typhoid. Nthawi iliyonse yotere, nkhokwe yosunga mbiri ya katemera wa ana imafuna madanga atsopano.

Mu pulojekiti ya khodi, kusintha kulikonse kumakhala fayilo yakeyake yokhala ndi nambala. Fayilo 001 imamanga tebulo la ana. Fayilo 002 imamanga tebulo la maulendo a kusikelo. Fayilo 003 ikhoza kukhala ndi mzere umodzi wokha:

ALTER TABLE ana ADD COLUMN katemera_malungo_1 date;

Mzerewu ukuuza database kuti iwonjezere danga losunga tsiku limene mwana analandira katemera woyamba wa malungo. Zida monga Flyway, Liquibase ndi Alembic zimayendetsa mafayilowa motsatana, ndipo zimalemba m'kati mwa database momwemo nambala ya fayilo yomaliza imene yachitika. Motero seva ikafunsidwa, imayankha yokha kuti ili pa 003 kapena pa 017, ndipo fayilo imodzi siichitika kawiri. DHIS2 imagwiritsa ntchito Flyway pa ntchito imeneyi, ndipo OpenMRS imagwiritsa ntchito Liquibase.

Lamulo lake ndi lofanana ndi la kaundula wa kafukufuku: cholembedwa kale sichifufutidwa. Fayilo 003 ikapezeka kuti inalakwika itafika kale pa seva yeniyeni, siikonzedwa mwakachetechete. Imalembedwa 004 yokonza cholakwikacho, ndipo onse awiri amatsala m'mbiri, monga mmene namwino amadulira nambala yolakwika ndi mzere umodzi, kulemba yolondola pambali ndi kusainira.

Nkhokwe yodziwa kukana

Apa ndi pamene luso la ogwira ntchito zachipatala limafunika koposa, chifukwa wolemba khodi sangadziwe yekha nambala yosatheka. Database ikhoza kupatsidwa malamulo oti izikana deta yosamveka pakhomo pomwe. Mwana wa miyezi 6 mpaka 59 amene mkono wake ndi wochepera masentimita 11.5 ndi wonyentchera kwambiri. Koma muyeso womwewo ena amaulemba m'mamilimita, 115. Danga limodzi likamalandira 11.2 kuchokera ku chipatala china ndi 112 kuchokera ku china, kompyuta idzaona mwana wachiwiriyo ngati wonenepa kwambiri ndipo sadzawerengedwa. Lamulo la CHECK lonena kuti dangalo limalandira manambala a pakati pa malire ogwirizana limathetsa vutoli tsiku lomwelo, mlangizi adakali ndi kaundula m'manja.

Malamulo ena ndi awa: tsiku la katemera lisakhale la m'mbuyo kuposa tsiku lobadwa, nambala ya wotenga mbali pa kafukufuku isapezeke kawiri, ulendo wa kuchipatala usalembedwe pa nambala ya munthu amene mulibe m'tebulo la anthu, danga la kulemera lisasiyidwe lopanda kanthu pamene mlingo wa mankhwala ukudalira kulemerako, monga zimakhalira ndi LA. Malire asakhale othina kwambiri. Nkhokwe yokana mwana wobadwa ndi magalamu 900 imataya ana amene kafukufuku wa makanda obadwa masiku asanakwane akuwafuna.

Pali zinthu zitatu zimene zimavutitsa makamaka kuno. Choyamba ndi kachizindikiro kamene kali m'mawu ngati ng'oma ndi ng'ombe, kamenenso kamapezeka m'maina ambiri a anthu ndi midzi. Mu SQL kachizindikiro komweko ndi kotsekulira ndi kutsekera mawu. Khodi yolembedwa mosasamala, yongomata dzina m'kati mwa lamulo, ikakumana ndi dzina lotere imaona ngati mawu athera pa ng, ndipo imagwa. Dzenje lomwelo ndi limene akuba amalowera, polemba lamulo lawo pamalo pa dzina. Mankhwala ake ndi amodzi: lamulo lizitumizidwa palokha, dzina palokha, njira imene psycopg ndi zida zina zili nayo kale. Choncho pa odwala ongopeka a mayeso pasamasowe dzina lokhala ndi ng'.

Chachiwiri ndi chilembo cha ŵ, chimene ena amalemba m'mawu ngati Malaŵi. Database ikapanda kuikidwa pa kalembedwe ka UTF-8 poyamba pomwe, chilembochi chimasanduka zizindikiro zosawerengeka, ndipo mudzi umodzi umaoneka ngati midzi iwiri.

Chachitatu ndi masiku ndi nthawi. Kuno 03/04 ndi pa 3 Epulo, koma pulogalamu yoikidwa pa kalembedwe ka ku America imawerenga kuti pa 4 Malichi. Kalembedwe ka ISO 8601, koyamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku, sikasokoneza. Komanso nthawi ya ku Malawi ili patsogolo ndi maola 2 pa nthawi ya UTC imene maseva ambiri amayendera. Mwana wobadwa 1 koloko usiku pa 1 Malichi, seva yosasamalidwa imamuika pa tsiku lomaliza la Febuluwale, n'kulowa mu lipoti la mwezi wolakwika.

Zonse kapena osachita n'komwe

Magetsi akhoza kuzima fayilo ya mizere 500 italowa theka. Pofuna kupewa nkhokwe yokhala ndi theka la ntchito, SQL ili ndi mawu atatu. BEGIN imatsekula ntchito, COMMIT imaitsimikiza, ROLLBACK imabweza zonse mwakale. Ntchito ikadukira pakati COMMIT isanafike, database imataya theka lija n'kubwerera pamene inali, ndipo fayiloyo ikhoza kulowetsedwanso bwinobwino.

Mawu omwewa amateteza ku cholakwika chodziwika kwambiri pa ntchitoyi. Lamulo lakuti DELETE FROM odwala WHERE nambala = 214 limafufuta munthu mmodzi. Gawo loyamba ndi WHERE likaiwalika, limafufuta tebulo lonse, osafunsa. Ngati panali BEGIN, munthu amaona chiwerengero cha mizere yokhudzidwa n'kubweza. Ngati panalibe, madzi akatayika saoleka. Khodi yabwino imawerenga yokha: ikayembekezera kusintha mzere umodzi n'kupeza kuti yakhudza yambiri, imabweza ndi kuima. Gulu liyeneranso kudziwa kusiyana kwa mapulogalamu awiri aja. PostgreSQL imatha kubweza ngakhale kusintha kwa kamangidwe ka tebulo, pamene MySQL imatsimikiza kusintha kotere nthawi yomweyo.

Pa deta ya kafukufuku, kufufuta kwenikweni kuzichitika mwa apo ndi apo. Ndi bwino kuika chizindikiro kuti mzerewu wachotsedwa, ndi tsiku, chifukwa ndi dzina la wochotsa, kenako tebulo lina lizisunga nambala yakale ndi yatsopano ya chilichonse chokonzedwa.

Kope losayesedwa si kope

Pa 31 Januwale 2017, katswiri wina wa kampani ya GitLab, imene ntchito yake ndi kusungira anthu khodi, ankakonza vuto la database usiku. Anafuna kufufuta foda ya deta pa seva yachiwiri, koma lamulo analipereka pa seva yaikulu. Pamene amaliimitsa, pa magigabaiti pafupifupi 300 panali patatsala 4.5 okha. Kampaniyo inali ndi njira zingapo zosungira makope, koma zitafunika, zinapezeka kuti sizinkagwira ntchito monga ankaganizira. Imodzi inkadalira chida cha pg_dump cha mtundu wa 9.2 pamene database inali pa 9.6, choncho chinkalephera nthawi zonse, ndipo makalata ochenjeza za kulepheraku sankafika kwa munthu aliyense. Chinawapulumutsa ndi kope limene linatengedwa pa zifukwa zina maola 6 ngoziyo isanachitike. Deta ya maola 6 amenewo inatayika. Kampaniyo inalemba poyera zonse zimene zinachitika, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi imaphunzitsidwa mpaka lero.

M'nkhaniyi muli zonse zimene zatchulidwa pamwambapa: maseva osokonezeka, lamulo loperekedwa ndi manja munthu atatopa, manambala a mapulogalamu osagwirizana. Koma phunziro lalikulu ndi la makope. Pulojekiti ikhale ndi khodi yotenga kope usiku uliwonse, pogwiritsa ntchito pg_dump kapena mysqldump, yoyambitsidwa ndi chida choika nthawi monga cron. Ikhalenso ndi khodi ina imene sabata iliyonse imatenga kope lija, kulibwezeretsa pa nkhokwe yapadera yotetezedwa, n'kuwerenga mizere ya tebulo lililonse kuti ione ngati ikugwirizana ndi yeniyeni. Uthenga uzitumizidwa ntchito ikayenda bwino, osati ikalephera pokha, kuti tsiku limene uthenga sunabwere anthu adabwe.

Malangizo odziwika amati makope akhale 3, pa zipangizo za mitundu 2, ndipo 1 likhale kutali. Kope losungidwa pa seva yomweyo limapsa nayo limodzi mphezi ikagunda. Kope losungidwa m'nyumba yomweyo limamira nayo limodzi, monga anaonera anthu a m'maboma a kum'mwera pamene namondwe wa Freddy anawononga nyumba ndi zipatala mu Malichi 2023. Kope lililonse lochoka pa seva lizikhala lokiyidwa ndi mawu achinsinsi, ndipo kiyi wake adziwike kwa anthu osachepera awiri.

Kuwerenga zolowa ndi zotuluka

Deta imatayikanso isanafike n'komwe m'nkhokwe. Pakati pa 25 Seputembala ndi 2 Okutobala 2020, anthu 15,841 opezeka ndi COVID-19 ku England sanalowe m'malipoti a tsiku ndi tsiku. Zotsatira za m'malabotale zinkadutsa m'mafayilo a Excel a mtundu wakale wa XLS, amene amathera pa mizere 65,536. Mafayilo atadzaza, mizere yotsala inkangosiyidwa popanda chenjezo. Anthuwo anauzidwa zotsatira zawo, koma ntchito yofufuza amene anakumana nawo inachedwa masiku angapo, matenda akufalikira.

Palibe amene anafufuta kanthu, ndipo palibe chimene chinaoneka kuti chawonongeka. Chinasowa ndi kuwerenga. Khodi yolowetsa deta iziwerenga mizere imene yatumizidwa, imene yalandiridwa ndi imene yakanidwa, ndipo manambalawo akapanda kugwirizana iime n'kuitana munthu. Mizere yokanidwa isamatayidwe. Izisungidwa pamodzi ndi chifukwa chake, n'kubwezedwa kwa amene anailemba kuti akaone m'kaundula. Ndi ntchito yomwe ija ya kumapeto kwa mwezi, yoyerekeza mankhwala a pa shelefu ndi a pa khadi.

Chinsinsi cha odwala ndi lamulo

Wotenga mbali pa kafukufuku akamasainira kapena kudinda chala pa fomu ya chilolezo, amalonjezedwa kuti zimene wanena zidzaonedwa ndi anthu ovomerezeka okha. Makomiti oona za ufulu wa anthu pa kafukufuku, monga COMREC ndi NHSRC, amafuna kudziwa kumene deta idzasungidwe ndi amene adzaione asanavomereze ntchito. Kuyambira mu 2024 dziko lilinso ndi lamulo la Data Protection Act, limene limaika uthenga wa zaumoyo m'gulu lofunika chitetezo chapadera. Lonjezo la pa fomu lija limasungidwa kapena kuphwanyidwa m'mafayilo amene afotokozedwa muno. Gulu limene zilolezo zake, makope ake ndi mbiri ya kusintha kwake zili zolembedwa likhoza kusonyeza umboni likafunsidwa. Limene limachita zonse ndi manja lingangonena kuti limasamala.

Mbali ya ogwira ntchito zachipatala ndi ongodzipereka

Njirayi ili ndi mtengo wake. Imachedwetsa masabata oyamba a pulojekiti, imafuna anthu osachepera awiri odziwa kuwerenga khodi, ndipo kukonza nambala imodzi kumene kukanatenga mphindi imodzi kumatenga tsiku. Khodi yolakwika nayo imawononga mofulumira kuposa munthu, n'chifukwa chake nkhokwe yoyeserera ndi maso a munthu wachiwiri sizingasiyidwe.

Anamwino, madokotala, alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka safunika kuphunzira SQL kuti atengepo mbali. Iwo ndi amene angauze wolemba khodi malire a manambala otheka, muyeso umene umagwiritsidwa ntchito pa tepi ya mkono, ndi maina a midzi amene amalembedwa m'njira ziwiri. Tabuleti ikakana nambala imene iwo akudziwa kuti ndi yoona, ayenera kunena, osalemba ina yongofuna kuti fomu idutse. Lipoti likabwera ndi chiwerengero chosiyana ndi cha m'kaundula wawo, ayeneranso kunena msanga, chifukwa nthawi zambiri iwo ndi amene amayamba kuona kuti chinachake chatayika panjira.

Pamsonkhano woyambitsa kafukufuku kapena pulogalamu yatsopano ya matabuleti, ali ndi ufulu wofunsa mafunso anayi. Kodi ndani angaone maina a anthu a m'dera lathu? Kodi nambala ikakonzedwa, yakale imasungidwa kuti? Kodi kope lomaliza linabwezeretsedwa liti poyesa? Kodi woyang'anira deta atachoka mawa, ndani angapitirize, ndipo adzawerenga chiyani? Gulu limene linayala bwino pulojekiti yake limayankha mafunso onsewa potsekula fayilo n'kuonetsa tsiku.